Nkhokwe Ikadzaza, Tiyezenso Msinkhu wa Mwana

Alangizi anzanga, kaya ntchito mukugwirira ku Chipata, ku Angonia, ku Dedza kapena ku Mutoko, pepala limene timadzaza nyengo yokolola ikatha ndi lofanana. Limatifunsa mahekitala amene adalimidwa, matumba a feteleza amene adafika, achikumbi amene adabwera kumunda wachitsanzo, ndiponso matumba a chimanga amene apezeka pa hekitala imodzi. Mzere wofunsa chimene mwana wa miyezi isanu ndi inayi wa pakhomo la mchikumbiyo wadya dzulo mulibe. Ine ndikuti mzere wosowawo ndiwo ukanayenera kukhala pamwamba pa yonse.

Zaka zapitazo ndidachititsa chionetsero cha zaulimi pamunda wa bambo wina amene tinkamutama m'dera lonse. Mizere yake inali yowongoka, mapesi aakulu ngati nzimbe, ndipo pakhomo pake padali nkhokwe ziwiri zodzaza mpaka kudenga. Alendo atabalalika, mayi a pakhomopo adatiyalira mphasa, ndipo pafupi nafe padakhala kamwana kakudya phala loyera la madzimadzi lothira mchere wokha. Nditafunsa ngati kayamba kuyenda, mayiwo adaseka nati mwanayo ali ndi zaka zitatu. Mtedza wonse udali utagulitsidwa usanaume n'komwe, mazira ankapita kumsika, ndipo nyemba zotsala adazisungira mbewu. Madzulo ake ndidalemba mu lipoti langa kuti banjali lapambana pa ulimi wamakono. Sindidaname, koma zimene ndidaona pamphasa zija sindidazilembe chifukwa panalibe pozilemba.

Chimene mwanayo adali nacho ndi chimene achipatala amachitcha kupinimbira, ndiko kuti msinkhu wosafikira pa zaka zake. Mwana wopinimbira salira kwambiri, satupikana ngati wa kwashiorkor, ndipo nthiti zake sizioneka ngati za mwana wonyentchera. Amasewera ndi anzake, ndipo popeza anzakewo ambiri ali chimodzimodzi, mudzi wonse umangoti ndi mtundu wa anthu aafupi. Kafukufuku wa zaumoyo wa m'chaka cha 2010 adapeza kuti ku Malawi ana 47 mwa ana 100 alionse osakwana zaka zisanu adali opinimbira, ndipo wa 2015 mpaka 2016 adapeza ana 37. Ku Zambia adapeza ana 40 mu 2013 mpaka 2014, ndi ana 35 mu 2018. Ku Mozambique adapeza ana 43 mu 2011. Chiwerengero chidatsika ndithu, ndipo tiyenera kuyamika amene adagwira ntchitoyo, komabe mwana mmodzi mwa atatu alionse ndi khamu lalikulu zedi la nzika zamawa.

Msinkhu ndi chizindikiro chabe

Kufupika pakokha si mlandu. Chodetsa nkhawa n'chakuti zimene zimalepheretsa mafupa kukula, ndiko kuperewera kwa zakudya zoyenera ndi kudwaladwala, zimalepheretsanso ubongo kukula ndi thupi kulimbana ndi matenda. Nthawi yoopsa kwambiri ndi masiku 1,000 oyamba, kuchokera pamene mayi waima kufikira mwana atakwanitsa zaka ziwiri. Chimene chatayika m'nthawi imeneyi n'chovuta kuchibweza. Akuluakulu adati m'mera mpoyamba, ndipo ife alangizi mawuwa timawadziwa koposa aliyense: chimanga chimene chasowa feteleza ndi kupalira m'masabata oyamba sichibereka bwino ngakhale muchithire matumba angati ngaiyaye zitatuluka.

Umboni wooneka bwino udachokera ku Guatemala. Kuyambira 1969 mpaka 1977, bungwe lofufuza za kadyedwe la INCAP lidasankha midzi inayi. M'midzi iwiri ana ndi amayi ankalandira chakumwa chonga phala chotchedwa atole, chokhala ndi mkaka ndi zomanga thupi. M'midzi iwiri inayo ankalandira chakumwa chotsekemera chotchedwa fresco, chopanda zomanga thupi. Patapita zaka zoposa makumi awiri, ofufuza adawalondola ana aja ali akuluakulu. Zotsatira zimene zidafalitsidwa mu 2008 zidaonetsa kuti amuna amene adamwa atole asanakwanitse zaka ziwiri ankalandira malipiro okwera: pamene mnzawo ankapeza 100 pa ola, iwo ankapeza 146. Akazi amene adamwa atole ali aang'ono adapita patali ndi sukulu, kuposa anzawo ndi kalasi imodzi ndi kachigawo.

Wina anganene kuti Guatemala ndi kutali. Tiyeni tibwere kwathu kuno. Ku Zimbabwe, ofufuza Harold Alderman, John Hoddinott ndi Bill Kinsey adatsatira ana a m'midzi imene anthu adasamutsidwirako ufulu utabwera mu 1980, ana amene ubwana wawo udagwera m'nkhondo yomenyera ufulu ndi m'chilala cha 1982 mpaka 1984. Mu 2006 adalengeza kuti ana amene adapinimbira ali aang'ono adakula ali aafupi, adayamba sukulu mochedwa, ndipo adamaliza makalasi ochepa. Chilala chidatha mu 1984, mvula idabwera, nkhokwe zidadzaza, koma chipsera chake chidatsala m'matupi ndi m'maphunziro a anawo mpaka ukulu wawo.

Mabanja otere akachuluka, dziko lonse limasauka. Kafukufuku wa bungwe la African Union ndi mabungwe anzake, wotchedwa Cost of Hunger in Africa, adawerengera kuti m'chaka cha 2012 chokha dziko la Malawi lidataya K147 biliyoni chifukwa cha kusadya bwino kwa ana, kumene kudali kupitirira gawo limodzi mwa magawo khumi a chuma chonse chimene dzikolo lidapanga chaka chimenecho. Ndalamazo zidathera m'zipatala, m'kubwereza makalasi, m'kuchepa mphamvu kwa anthu ogwira ntchito, ndiponso m'ntchito imene ikadagwiridwa ndi anthu amene adamwalira ali ana. Tikamanena za chitukuko timaganiza za misewu, milatho ndi magetsi. Koma wodzamanga mlatho, wodzaphunzitsa m'kalasi ndi wodzawerenga malangizo a pa botolo la mankhwala a mbewu ndi mwana yemwe uja ali pamphasa ndi phala loyera.

Kodi chuma sichiyenera kutsogola?

Pali anzathu ena amene amati tisataye nthawi: dziko likalemera, anthu adzadya bwino okha. Mawuwa ali ndi mbali yake yoona, pakuti banja la ndalama limagula nyama, mkaka ndi sopo. Koma chuma pachokha sichifika m'mbale ya mwana. Dziko la South Africa ndi lolemera kutalitali poyerekeza ndi Zimbabwe, komabe kafukufuku wa 2016 ku South Africa adapeza ana 27 mwa 100 ali opinimbira, chimodzimodzi ndi chiwerengero cha ku Zimbabwe cha 2015. Kumbali ina, dziko la Peru lidatsitsa kupinimbira kuchoka pa ana 28 mwa 100 mu 2008 kufika pa ana 13 mu 2016. Chuma chake chinkakula, inde, koma chidachititsa kusinthaku n'chakuti boma lidaika chiwerengero cha ana opinimbira pakati pa miyeso yoweruzira ntchito yake, lidatumiza ndalama kumadera osaukitsitsa, ndipo maunduna osiyanasiyana adagwirira ntchito pamodzi. Choncho kudya bwino ndi chipatso cha chitukuko, komanso ndi mbewu yake. Wodikira kuti alemere kaye asanadyetse bwino ana akufanana ndi mchikumbi wodikira kukolola asanabzale.

Ena amati, ndipo awa ndimawamvetsa kwambiri, munthu wa munda wa theka la hekitala simungamuuze za zakudya za kasinthasintha pamene chimanga chake chimatha mu Novembala. Njala ndiyo yoyamba. Tidaziona mu 1992, ndipo tidazionanso mu 2024 pamene Zambia, Malawi ndi Zimbabwe adalengeza kuti agweredwa tsoka la chilala. Sindikutsutsa kuti mimba iyenera kukhuta. Ndikutsutsa maganizo akuti ikakhuta ndiye kuti ntchito yatha, ndipo mbiri ya chigawo chathu chino ili ndi maphunziro awiri owawa pa nkhaniyi.

Mu 1990, anthu othawa nkhondo ku Mozambique amene adali ku Malawi ankalandira chimanga, ndipo ambiri sankagona ndi njala. Koma mtedza umene unkaperekedwa pamodzi ndi chimangacho utasiya kufika kwa miyezi ingapo, kudabuka matenda a pellagra. Khungu limene limaombedwa ndi dzuwa, monga la m'khosi ndi m'manja, linkada ndi kusendeka ngati lapsa. Ena ankatsekula m'mimba, ena ankasokonezeka mutu. Anthu pafupifupi 18,000 adadwala chaka chimenecho. Chidasowa ndi vitamini wotchedwa niacin, amene m'chimanga alimo koma womangika mwakuti thupi silitha kumugwiritsa ntchito bwino, pamene mu mtedza ngwochuluka. Mtedza utabwerera, mapiritsi a mavitamini atagawidwa, ndipo pambuyo pake ufa utayamba kuthiridwa niacin pogaya, matendawo adachepa. Kadzanja ka mtedza ndiko kadali malire pakati pa munthu wamoyo wabwino ndi wodwala.

Phunziro lachiwiri lidachokera ku Nampula mu 1981. Chilala chitaononga mbewu zina zonse, chinangwa chowawa chokha ndicho chidatsala. Chifukwa cha njala, anthu adafupikitsa masiku okonzera chinangwacho, ndipo analibe nyemba, nsomba kapena ndiwo zina zomanga thupi zimene zimathandiza thupi kuchotsa poizoni wa cyanide. Anthu oposa 1,000, makamaka ana ndi amayi, adapuwala miyendo mwadzidzidzi ndi matenda amene kumeneko adawatcha mantakassa, ndipo kwina amawatcha konzo. Kupuwala kumeneku sikuchira. Ife amene timalimbikitsa chinangwa ngati mbewu yopirira chilala, ndipo tikuchita bwino potero, tili ndi udindo wophunzitsanso kusenda, kuviika masiku okwanira ndi kuyanika bwino. Kugawa mbewu popanda kuphunzitsa kakonzedwe kake ndi kupereka mpeni kwa mwana.

Ngakhale chimanga chenichenicho timachichotsa mphamvu tisanachidye. Kwawo kwa chimanga, ku Mexico ndi maiko oyandikana nawo, amachiphika ndi laimu kapena phulusa asanachipere, ndipo njira imeneyi imamasula niacin uja. Chimanga chidaoloka nyanja kudza kuno, koma luso limenelo lidatsala. Ife timachikonola, kuchiviika, kuchitsuka, n'kutsala ndi ufa woyera mbee. Madeya ndi kamtima ka njere, mmene muli mafuta ndi mavitamini ambiri, timapatsa nkhuku ndi nkhumba. Mgaiwa timaunyoza kuti ndi chakudya cha amphawi kapena cha m'ndende. Ulemu wa nsima yoyera pamaso pa alendo sindiukana, koma phala la mwana liyenera kukhala la mgaiwa, lolimbirako, lothira nsinjiro, ufa wa soya wokazinga, dzira, usipa wosinja kapena masamba.

Zida zilipo kale

Ofufuza sadagone pa nkhaniyi. Mtedza wa CG7, umene udatuluka ku Chitedze mu 1990 kudzera m'ntchito ya ICRISAT ndi maiko a chigawo chino, ndi womwe uja a ku Zambia amaudziwa ndi dzina la MGV4. Nyemba za NUA45, zokhala ndi ayironi ndi zinki wochuluka, zidavomerezedwa m'maiko angapo kuphatikizapo Malawi ndi Zimbabwe. Mu 2012 dziko la Zambia lidatulutsa mitundu ya chimanga cha olenji chokhala ndi vitamini A. Ku Zambezia, kafukufuku wa 2003 mpaka 2005 adaonetsa kuti ana a mabanja amene adalandira mbewu ya mbatata yofiira mkati pamodzi ndi maphunziro a kadyedwe adali ndi vitamini A wochuluka m'magazi kuposa anzawo. Mbatata imodzi yocheperapo patsiku imakwanira kupatsa mwana wamng'ono vitamini A amene thupi lake likufuna. Ku Malawi mbatata zotere zili ndi maina okoma: Zondeni, Chipika, Kaphulira, Mathuthu, Anaakwanire, Kadyaubwerere. Ntchito imeneyi ndiyo idachititsa kuti Maria Andrade, amene wagwira ntchito zaka zambiri ku Mozambique, pamodzi ndi Robert Mwanga, Jan Low ndi Howarth Bouis alandire mphotho ya World Food Prize mu 2016.

Komabe taonani kuti ku Zambezia mbewu idayenda limodzi ndi chiphunzitso. Zomwezo zidaoneka ku Ekwendeni, kumpoto kwa Malawi, kumene mu 2000 ogwira ntchito pachipatala ndi achikumbi adayambitsa ntchito yotchedwa Soils, Food and Healthy Communities. Achikumbi adayesa kubzala nandolo pamodzi ndi mtedza kapena soya m'munda umodzi, n'kukwirira zotsalira zake kuti nthaka ibwerere chonde. Poyamba mbewu zidachuluka koma kakulidwe ka ana sikadasinthe msanga. Atayamba kuitana abambo ndi agogo aakazi kumisonkhano, kuphika pamodzi pabwalo, ndi kukambirana za amene amalamula zogulitsa ndi amene amasenza ntchito zapakhomo, m'midzi imene idatenga mbali kwa nthawi yaitali ana adayamba kukula bwino. Nandolo yemweyo adadyetsa nthaka, adapereka ndiwo ndi nkhuni, ndipo sadalande malo a chimanga kwamuyaya, popeza chimanga chobzalidwa pambuyo pake chimapindula ndi chonde chotsalacho. Ili ndilo yankho kwa uja amati munda ngwochepa.

Ndiyenera kuvomereza kuti ulimi pawokha sungathetse kupinimbira. Mwana amene amamwa madzi a pachitsime chosatetezedwa, natsekula m'mimba mwezi ndi mwezi, sakula ngakhale adye bwanji. Malungo, njoka za m'mimba, mimba za atsikana aang'ono ndi kubereka pafupipafupi zonse zili ndi gawo lake. Ndiponso malangizo athu omwe angathe kuvulaza. Tikalimbikitsa njira yolima imene ikuonjezera ntchito ya mayi m'miyezi ya Disembala mpaka Febuluwale, nthawi imene chakudya n'chochepa, matenda ngochuluka ndipo ambiri ali pa ganyu, ndiye kuti tachepetsa nthawi yoyamwitsa ndi yophikira mwana. Tikalimbikitsa mtedza osaphunzitsa kuumitsa ndi kusankha, tadyetsa ana chuku. Poizoni wa aflatoxin wochokera ku chuku adapha anthu oposa 100 ku Kenya mu 2004 atadya chimanga choonongeka, ndipo kafukufuku wa ku Benin ndi Togo adapeza kuti ana okhala ndi poizoniyu wambiri m'magazi adali opinimbira kwambiri. Chomvetsa chisoni n'chakuti mtedza wabwino umapita kumsika, ndipo wonyala ndi wowola ndiwo umasinjidwa kukhala nsinjiro za pakhomo. Chizolowezi chowaza madzi mtedza kuti usavute kusenda chiyenera kutha.

Malire a maiko sadziwa njala

Chifukwa chimene ndalembera m'kalata ino, imene imawerengedwa mbali zonse za malire, n'chakuti chakudya chathu n'chimodzi. Nyemba za ku Angonia zimagulitsidwa pa Lizulu, chimanga cha ku Milange chimadyedwa ku Mulanje, kapenta wa ku Kariba ndi ku Cahora Bassa amafika m'misika ya kutali, ndipo mchere umene anthu a maiko opanda nyanja yamchere amadya umachokera kugombe la Mozambique, ku Sua Pan ku Botswana kapena ku Walvis Bay ku Namibia. Mchere ukaoloka malire wopanda ayodini, lamulo la dziko lolandira silithandiza mayi wa chithokomiro kapena mwana wobadwa ndi nzeru zoperewera. Maiko adaphunzitsana kale zinthu zabwino: Zambia idayamba kuthira vitamini A mu shuga mu 1998, South Africa idalamula kuthira mavitamini mu ufa wa chimanga ndi wa tirigu mu 2003, ndipo Malawi idayamba kuthira vitamini A mu shuga mu 2012. Koma ufa wa m'sitolo sufika kwa mchikumbi amene amagayitsa chimanga chake pachigayo cha m'mudzi. Munthu ameneyo amafikiridwa ndi mlangizi, ndiye inu ndi ine.

Tsono ndikupempha zinthu zochepa zimene sizifuna ndalama za kunja. Poyamba, munda wachitsanzo uliwonse ukhale ndi gawo la mbewu za mtundu wa nyemba, monga nandolo, khobwe, nzama, soya kapena mtedza, ndiponso mizere ya mbatata yofiira mkati. Tsiku la chionetsero lisathere pa kuyeza zisononkho. Pakhale moto ndi miphika, anthu alawe, ndipo abambo aitanidwe kufupi, asaimirire patali. Kachiwiri, pothandiza banja kuwerengera chakudya cha chaka, tisawerenge matumba a chimanga okha. Tifunse kuti mtedza ndi nyemba zosagulitsa zatsala zingati, mfutso wa nkhwani, chitambe ndi khwanya wasungidwa m'zikwatu zingati, ndipo dimba lidzapereka chiyani m'chilimwe. Bonongwe, chisoso, luni, denje, masuku, malambe, ngumbi ndi mphalabungu tisazichititse manyazi ngati zakudya za anthu otsalira. Kachitatu, mlangizi aliyense adziwane ndi wazaumoyo wa m'dera lake, ndipo kamodzi pamwezi akafike kusikelo ya ana. Kumeneko adzaona midzi imene makadi a ana akuonetsa mzere wotsika, ndipo adzadziwa kumene njinga yake iyenera kulowera. Kachinayi, chimene chatheka kwanu tilembereni m'kalata ino, ndi chimene chalephereka chomwe, kuti wa tsidya lina la malire asagwere m'dzenje limene inu mudagweramo kale. Mutu umodzi susenza denga.

Kwa akuluakulu athu a m'malikulu ndi ofufuza, pempho langa ndi la mzere uja. Mlangizi, monga wantchito aliyense, amalimbikira chimene amafunsidwa. Malinga ngati lipoti likufunsa matumba a chimanga okha, tidzapitiriza kubweretsa matumba a chimanga okha. Onjezani funso la mitundu ya zakudya imene mwana ndi mayi adya dzulo lake, ndipo poyesa mbewu zatsopano muyezenso zimene zili m'kati mwa njere ndi ntchito imene mbewuyo ikusenzetsa mayi.

Mwana uja wa pamphasa tsopano ndi munthu wamkulu. Bambo ake adachita zonse zimene ndidawalangiza, ndipo adazichita bwino. Chimene sindidawalangize ndicho chidasowa pakhomo pawo. Chaka chino, mukamayendera nkhokwe za achikumbi anu, mukaone ndi mbale ya mwana yomwe.